Ndani Ankaliza Belu Labodza?

Lachiwiri lapitali belu la pasukulu pathu linalira pakati pa phunziro la masamu. Mwana wa sukulu safunsa belu kuti lalirira chiyani. Onse anangoti khamu pakhomo, ena kulowera ku mjigo, ena kwa amayi ogulitsa zigumu, aphunzitsi a masamu n'kutsala ndi choko m'manja akuyang'ana mabenchi.

Ine ndinali m'khola la anapiye kuseri kwa labu, tsache kudzanja ili, chidebe cha zitosi kudzanja linali, ndikugwira chibalo. Ndisanatuluke n'komwe, dzina langa linali litazungulira kale sukulu yonse.

"Ndi Fatsani ameneyo."

Owerenga anga, mumandidziwa. Sindine mwana wa kwaya. Mbuzi ija inapezeka mu ofesi ya aphunzitsi itavala tayi sinadziveke yokha, ndipo mpaka lero ndimati tayiyo inaikhala bwino kuposa mwiniwake. Koma zanga zimadziwika. Ndikatchera msampha ndimafuna ndikhale pafupi, ndione nkhope za anthu. Ndiye ndilize belu ndili m'khola, ndikununkha zitosi, osaona mmene a masamu anayasamulira? Kumeneko n'kuwononga luso.

Ndikufotokozereni za belu limeneli. Kale tinkamenya chitsulo cha gudumu la thirakitala. Chaka chino kalabu ya makompyuta, yomwe amayendetsa madamu Nyasulu, inapanga kachipangizo kochepa ngati sopo. Kali ndi ntchito ziwiri: kuwerenga nthawi n'kuliza belu lamagetsi, komanso kuyeza kutentha m'khola kuti anapiye a kalabu ya zaulimi asafe ndi chisanu. Pulogalamu yake tinalemba tokha ana a kalabu. Ndati tinalemba, poti nanenso ndili momwemo, ngakhale madamu salola kuti laputopu itsale ndi ine m'chipinda chimodzi.

Belu labodza loyamba linalira tsiku lomwe anandipatsa chibalo cha m'khola chifukwa choseka pa asembule. Aphunzitsi anangofunsa funso limodzi: amene anali kunja kwa kalasi ndani? Fatsani. Amadziwa za kachipangizo? Amadziwa. Mlandu watha. Chilango chake: sabata yathunthu yosesa khola.

Sabata imeneyo belu linapenga. Lero lalira, mawa latonthola, mkuja lalira. Likalira, akundiwonjezera masiku a m'khola. Akandiwonjezera, likuliranso. Umboni unkakula ngati chulu.

Ndiye Lachiwiri lija a hedi anandiitana.

"Fatsani, ine ndatopa," anatero, asakundiyang'ana n'komwe. "Likangoliranso pa nthawi yolakwika, ukatenge bambo ako."

"Koma a hedi, si ine."

"Mbuzi ija unatinso si iwe."

"Ija ndinadzavomera."

"Inonso udzavomera. Tuluka."

Mwina kwa inu kukatenga kholo ndi nkhani yaing'ono. Kwathu ayi. Bambo anga ali pakati posankha fodya, ndipo ananena kale, mofatsa, osakweza mawu: "Ndikangoitanidwanso kusukulu kwakoko, yunifolomu ukavulire konko. Pano pali fodya wofuna manja." Bambo anga sabwereza mawu. Ndili ndi msuweni amene anavula yunifolomu mwa njira yomweyi. Lero amakhala m'chigafa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, zala zakuda bii, ndipo nthabwala zinamuthera. Ine chimene ndimaopa kwambiri n'chomalizachi.

Ndiye ndinati, mukundikayikira? Nanenso ndiyamba kukukayikirani.

Woyamba m'mutu mwanga anali Limbani, hedi boyi wathu. Chiyambire tsiku lomwe anapeza nanzikambe m'chikwama chake, mnyamatayo sandipatsa moni wochokera mumtima. Nayenso ndi wa kalabu. Kenako ndinaganizira amayi a zigumu. Belu likalira msanga, amapindula ndani? Ndinawayang'anitsitsa mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinakayikiranso a masamu eniake, poti munthu amene sanakonzekere phunziro belu ndi mbale wake. Ngakhale anapiye ndinkawaona ngati akudziwapo kanthu.

Lachitatu ndinapitanso kukhola. Ndinagwira chitseko ngati ndikugwira njoka, n'kukankha. Belu zii. Koma pakhoma la m'kholamo pali kasikirini koonetsa kutentha, ndipo diso langa linagwa pomwepo. Nambala inazimirira, panabwera ziro, kenako nambala ija n'kubwerera.

Ziro? Ku Kasungu kuno, dzuwa likuswa mtengo? Anapiye akanauma ngati nsomba za mufiriji. Koma anali pompo, akulira chakudya.

Titaweruka ndinalunjika pa teledingi, kugolosale ya bambo ake a Asiyatu. Asiyatu ndiye mutu wa kalabu yathu. Mizere yovuta ya pulogalamu analemba ndi iyeyo. Bambo ake atandiona anasuntha botolo la maswiti n'kuliika kumbuyo.

"Ukufuna chiyani, chigawenga?" anatero Asiyatu.

"Kodi anapiye ako amakhala mufiriji?"

"Walawa chiyani lero?"

Ndinamuuza za ziro uja. Anati n'kawaya kotayirira, madamu ananena kale. Ndinati kawaya kotayirira kamadziwa bwanji kuti Fatsani watsegula chitseko? Ndinapitiriza: ndikatsegula, nthawi zina belu, lero ziro. Nanga bwanji mlonda akatsegula m'mawa belu silira?

"Nthawi imeneyo gawo la belu limakhala likugona," anayankha pang'onopang'ono. "Limadzuka makalasi akayamba."

"Ndipo makalasi akayamba, amalowa m'khola ndani?"

"Wachibalo."

"Wachibalo pasukulu pano ndani?"

Sanaseke. Anangoti, "Mawa usathawe tikaweruka."

Apa ndiloleni ndivale tayi ya mbuzi ija, ndikuphunzitseni pang'ono.

Ubongo wa kachipangizo, umene timati purosesa, umagwira ntchito imodzi pa nthawi. Umangosinthasintha mofulumira, ife n'kumaona ngati zonse zikuchitika limodzi. Uli ndi timatumba towerengeka, marejista, momwe umasungira manambala amene ukugwiritsa ntchito pa kamphindi kameneko. Timatumbato ndi tomwe tomweto kwa aliyense. Gawo la belu limaikamo mphindi zotsala. Gawo la anapiye limaikamo kutentha.

Pamwamba pa onsewa pali kapitawo, dzina lake kenelo. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya pa tebulo losankhira fodya la bambo anga, lomwe amabwerekana ndi amalume. Amalume asanayale fodya wawo, wa bambo ayenera kuchotsedwa yense, tsamba lililonse, n'kuikidwa pambali. Bambo akabwerera, ayenera kupeza masamba awo mmene anawasiyira. Kenelo imachita zomwezo. Ntchito ikadukizidwa, imakhuthula timatumba tonse n'kusunga pabwino. Yodukizayo ikatha, imabwezera chilichonse m'malo mwake. Ndipo chitseko cha khola chili ndi kaswichi kamene kamadukiza chilichonse chikangotseguka.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Zomwe zili m'marejista ndi fodya wapachala. Kenelo ikapanda kuzisunga, zapita.

Lachinayi titaweruka tinatsala awiri mu labu. Asiyatu anatsegula laputopu n'kuyamba kuwerenga mizere umodziumodzi, chala pa sikirini. Ine ndinatopa msanga. Mizereyo inkaoneka yaulemu yonse, ngati mapulifekiti pa asembule.

"Wakuba sagwidwa pomuyang'ana nkhope," ndinatero. "Amagwidwa ndi nyambo."

"Ukudziwa ndiwe."

"Ndikudziwadi. Wina atazolowera kundibera chigumu m'desiki, ndinathiramo tsabola wa kambuzi. Anadziulula yekha ndi misozi. Ika chizindikiro m'thumba lililonse. Ine ndikatsegule chitseko. Tione thumba lomwe libwere losintha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza pomwe pali msampha. Kenako analemba kapulogalamu kakang'ono kodzaza timatumba tonse ndi manambala osasokonekera: loyamba 11, lachiwiri 22, mpaka kumapeto. Ndinathamangira kukhola, ndinakankha chitseko, ndinabwerera wefuwefu.

Onse anali m'malo mwawo. Kupatula limodzi. Thumba lomaliza linali ndi ziro.

Tinabwereza. Ziro. Tinabwerezanso, ine miyendo ikulira. Ziro yemweyo, thumba lomwelo.

Mwaiona nkhaniyo? Chitseko chikatseguka purosesa ili pa ntchito ya anapiye, ziro ankagwera pa kutentha, kasikirini n'kuphethira. Chikatseguka ili pa ntchito ya belu, ankagwera pa mphindi zotsala. Gawo la belu likabwerera, limapisa m'thumba, lapeza ziro, n'kuti basi nthawi yakwana. Ngeee. Sukulu yonse panja.

Amene ankaliza belu chinali chibalo chomwe ankandipatsa chifukwa cha belu.

Tsono wolakwa ndani? Apa m'pamene Asiyatu anagwira pakamwa. Temu yatha iye anachotsa thumba lomalizalo pa zosungidwa, poti gawo la chitseko silinkaligwiritsa ntchito. Kusunga chinthu chomwe palibe akuchikhudza n'kutaya nthawi. Madamu anamuyamikira pamaso pa tonse. Kenako mphaka atadya anapiye chifukwa cha chitseko chosiyidwa chotsegula, Limbani anawonjezera m'gawo la chitseko lija mizere yoyatsa getsi lofiira chitseko chikatseguka. Mizere yakeyo ndiyo inkalemba ziro m'thumba lomwe lija. Nayenso anamuwombera m'manja. Aliyense anayesa zake, zinayenda. Ankayesa masana titaweruka, belu likugona.

Ana awiri abwino kwambiri pasukulu pano, aliyense atachita chanzeru, anabereka chigawenga. Dzina n'kupatsa ine.

"Ndikonza pompano," anatero Asiyatu. "Ndi mawu awiri okha. Limodzi posunga, lina pobweza. Mawa belu likhala bwino, nkhani yatha."

Ndinatseka laputopuyo ndi dzanja langa.

"Ukakonza mwakachetechete, mawa anena chiyani?"

"Anena kuti belu lachira."

"Anena kuti a hedi atamuopseza, Fatsani wasiya. Ndiye tsiku lina batire likadzafooka, belu n'kudzatsokomola, njinga ya bambo anga ili pamsewu."

"Ndiye ukufuna ndikadzinenere ndekha?"

"Ndikufuna a hedi atsegule khola."

Asiyatu ndi munthu wosowa. Anandinena kuti ndine galu wopanda mwini, kenako Lachisanu m'mawa anakauza madamu zonse, ndi dzina lake lomwe. Madamu Nyasulu ndi a kumpoto, akadabwa chinenero chimabwerera kwawo. Anangoti, "Yayi, ŵana imwe," n'kupita kukagogoda kwa a hedi.

Phunziro lachiwiri lili mkati, tinasonkhana kuseri kwa labu. Ine anandiimika pansi pa mtengo, manja pamutu, Limbani atandigwira lamba kumbuyo ngati wagwira mbuzi ya pamsika. A hedi anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana ine.

"Ukudziwa kuti likalira ndiye lalira pa nthawi yolakwika?"

"Koma wotsegula mukhala inu, a hedi."

"Likapanda kulira, wanditayitsa nthawi. Bambo ako abwerabe."

Apa ndiye ndinazindikira kuti ndadzitchera ndekha. Ziro uja sasankha. Akhoza kugwera kwa anapiye tsiku lonse.

A hedi anakankha chitseko. Anapiye analira. Belu zii.

Anatseka, anakankhanso. Zii.

"Kasikirini kaphethira, a hedi," anatero Asiyatu.

"Ine sindinabwerere kasikirini." Anatembenukira kwa ine. "Fatsani, njinga ya bambo ako ili ndi mpweya?"

Limbani anaseka m'khosi, dzanja lake n'kulimba pa lamba. Ine m'maso mwanga munali chigafa chokha, fumbi la fodya, ndi msuweni wanga akundisunthira kuti ndikhale. Ndinati, "Kamodzi kokha, a hedi. Chonde." Mawu akuti chonde sindiwagwiritsa ntchito kawirikawiri, anatuluka ndi dzimbiri.

Anapumira m'mwamba, anatseka, n'kukankha ndi phazi.

Ngeee.

Anzanga, ndaonapo zokoma pa moyo wanga, koma izi. Zitseko za makalasi zinatseguka nthawi imodzi, sukulu yonse inakhuthukira panja, ndipo amene anadzera kuseri anapeza a hedi ataima pakhomo la khola, phazi lili m'mwamba, mwanapiye mmodzi ali pa nsapato yawo. Ine manja ali pamutu, wosalakwa ngati khanda.

Ndinafunsa mwaulemu wonse umene ndinaupeza: "A hedi, ndiye akatenge makolo ndani?"

Anandipatsa chibalo chifukwa cha funsolo. Ndinachilandira ndi manja awiri. Bambo anga sanaitanidwe, ndipo mpaka pano sakudziwa kuti fodya wawo anatsala pang'ono kupeza wantchito.

Tsono tiyeni tikambirane, inu ndi ine.

N'chifukwa chiyani chinthu chikalakwika timathamangira kufuna nkhope? Fodya akasakanikirana pa tebulo, tsamba labwino n'kupezeka m'gulu la zinyalala, amatukwanidwa ndi tenanti, kapena mwana wamasiye wa pakhomopo. Palibe amafunsa kuti posinthana tebulo anasesa ndani. Katundu akachoka m'manja mwa mlimi kupita kwa woyendetsa galimoto, kuchoka apo kupita kwa wolandira, n'kufika woperewera, aliyense amaloza amene ali ndi mbiri yoipa. Mlonda wa usiku amati anasiya zonse zili bwino, wa masana amati anapeza zili choncho. Mwina onse akunena zoona. Chinthu chinagwera pakati, pamene wina anati mnzanga asunga, mnzakeyo n'kuti palibe chosunga.

Koma pakati palibe nkhope. Pakati simungapatse chibalo. Ndiye timasunga munthu mmodzi pamudzi, pasukulu, pa ntchito, woti tizimupachika zonse. N'zotsika mtengo. Munthu wotereyu amathandiza kwambiri, moti akanati kulibe tikanachita kumuumba ndi dothi.

Ndipo taonani mmene kukayikira kumadzidyetsera kokha. Ankati ndi ine chifukwa belu limalira ndikakhala m'khola. Ankanditumiza m'khola chifukwa ankati ndi ine. Aphunzitsi a sayansi, amene amatiuza tsiku ndi tsiku kuti sinthani chinthu chimodzi muone chotsatira, palibe anaganiza zotumizako munthu wina. Anali ndi yankho kale. Munthu amene ali ndi yankho safufuza, amangotolera mboni.

Musandimve molakwa, sindikupempha kuti muzindikhulupirira. Mukatero mundiwonongera ntchito. Ndikungoti kayikirani mokwanira. Wamisala anaona nkhondo. Mukakayikira ine, kayikiraninso chitseko, kayikirani mzere umene wanzeru analemba, kayikirani ngakhale zomwe munawombera m'manja. Kukayikira munthu mmodzi yekha si kuchenjera, ndi ulesi wovala jekete.

Asiyatu anabwezera thumba lija m'malo onse awiri. Tinathiranso nyambo, ndinakankha chitseko mpaka anapiye anasiya kundiyang'ana, manambala onse anabwerera amoyo. Belu tsopano likulira pa nthawi yake, ndipo sukulu yonse yandida. Amayi a zigumu sakundiyankha moni. Anzanga akuti ndinapha mbalame yoikira mazira. Limbani sanapepese, koma wasiya kundigwira lamba, ndipo kwa hedi boyi kumeneko ndiye kugwada.

A hedi okha ndiwo sanasinthe. Dzulo anandiimitsa pakhonde.

"Koma iwe, unadziwa bwanji pamene panali vuto?"

"Ndinaona ziro, a hedi."

"Ena onse sanamuone. Waona iwe wekha." Anapukusa mutu. "Wodziwa mankhwala ake amakhala akudziwanso china."

Mwamva? Ukapanda kupeza vuto, ndiwe unalipanga. Ukalipeza, ndiye waonetsa kuti unalipangadi.

Asiyatu nayenso wandifunsa kawiri ngati pulogalamu yakale ija, ya thumba lobooka, ndinaikopera pena pake asanaifufute. Ndinamuyankha kuti mayeso a masamu ali pafupi, ndipo munthu sadziwa za mawa. Akuti sakugona bwino. Ine ndikugona ngati mwala.

Ndiye belu likadzalira pakati pa phunziro mwezi ukubwerawu, ndikudziwa kumene mudzayang'ane. Yang'anani, nkhope ndi yanga, ndinazolowera. Koma pamene maso anu onse ali pa Fatsani, chitseko akuchiyang'ana ndani?